A Gama Asankha Masipika pa Lizulu

A Hilary Gama adabadwira ku Kandeu, koma zaka zawo zonse za ukulu adakhala kumtunda, pachikamwini m'mudzi wa akazi awo, mtunda woyenda ndi ngolo m'mawa umodzi kukafika pa msika wa Lizulu. Kumeneko n'kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimalowa mpaka m'mafupa, ndipo mbatata ya kachewere imabereka mosaumira. Adali munthu wamtali, wa mapewa otambalala, wosasiyana ndi jekete ngakhale popita kudimba. Ndipo akamalankhula ankakweza mawu ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje. Alendo ankayesa kuti mkuluyo ngwaukali. Eni mudzi ankadziwa kuti sudali ukali ayi: makutu awo adatsalira ku Joni.

Kumigodi adapita akadali mnyamata, kudzera ku Theba, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodiko, monga ankachitira anyamata ambiri a m'boma la Ntcheu masiku amenewo. Pansi pa nthaka adawapatsa ntchito yogwira makina obowolera thanthwe, ndipo makinawo, malinga ndi kunena kwa eni akewo, ankalira kotero kuti munthu akatuluka kunja ankangoona milomo ya anzake ikugwedera, mawu osawamva mpaka atasamba ndi kudya. Ankabwera kumudzi n'kubwereranso, kubwera n'kubwereranso, kufikira pamene njira ya Theba idatsekeka. Pa ulendo wina wa kumudzi ndi pomwe adamanga banja ndi mayi Zelesi, amene iwo sankawatchula dzina koma mfunda wawo, Nangozo, monga ulemu umafunira.

Pobwera komaliza, anzawo adanyamula njinga, makina osokera ndi masutikesi a zovala. A Gama adatsika basi atakumbatira mtolo wa mabulangete, ndipo m'mabulangetemo mudali galamafoni, ampulifaya yaing'ono ya nkhope yasiliva yoyendera batire, masipika awiri, ndi bokosi la mbale za nyimbo. Mbale zambiri zidali za kwela, nyimbo za m'makomboni a ku Joni, zimene mwini wake weniweni ndi chitoliro chachitsulo: magitala ndi ng'oma zimayenda pansi, chitolirocho chimauluka pamwamba ngati namzeze. Kwa zaka zambiri, Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, a Gama ankalumikiza zipangizo zawo ku batire ya galimoto, n'kupukuta mbale ndi kansalu kofewa, n'kutsitsa singano mosamala ngati akugoneka khanda. Mayi Zelesi, amene pa utsikana wawo adali katswiri wa kuvina, ankasesa pabalaza akugwedeza mapewa.

Zinthu ziwiri zidasokoneza mwambo umenewu. Choyamba chidali makoswe. Chaka chimene ankafolera nyumba ndi malata, katundu adakasungidwa m'kanyumba ka mbewu, ndipo pokamutulutsa adapeza kuti makoswe adya mapepala onse a m'masipika n'kuswerana momwemo. Chachiwiri chidali makutu. Ukalamba udabwera kudzamaliza chimene mgodi udayamba, ndipo mawu oyamba kuthawa adali ang'onoang'ono ndi akuthwa: kulira kwa anapiye, mluzu wa abusa, ndi chitoliro. A Gama adalumikiza timasipika ta wailesi yakufa m'malo mwa odyedwa aja, koma timeneti tinkangong'ung'udza.

Patapita zaka, mwana wawo Sibongile, amene amagwira ntchito ya unamwino ku Lilongwe, adawagulira sola ndi batire yatsopano, kuti m'nyumba muziwala ndiponso kuti foni izikhala ndi moto akafuna kulankhula ndi amayi ake. A Gama adaona ngati Mulungu wayankha pemphero lawo lachinsinsi. Adalumikiza ampulifaya ku batireyo n'kupotokola chokwezera mawu mpaka kumapeto. Nyimbo inkatuluka yosasa mawu, chitoliro osamveka ndithu, ndipo dzuwa lisadalowe mbale inkayamba kukoka mawu ngati munthu woledzera, chizindikiro chakuti batire yatha. Nyali osayaka, foni zii.

Mayi Zelesi adapirira masabata angapo. Tsiku lina adalowa pabalaza ali ndi kamtengo ka machesi koviika mu penti yofiira yotsala popaka chitseko, n'kudontheza kadontho pa nkhope ya ampulifaya, chapakatikati pa njira ya chokwezera mawu.

"Mukundiwonongera katundu wa ku Joni, Nangozo!" adakuwa a Gama.

"Sindikuwononga, a Gama, ndikulemba malire. Chokwezera ichi chikafika pa kadontho aka, chiziima. Tsiku limene chidzadutse, ampulifaya idzalowa m'bokosi la zovala, ndipo kiyi wake ndidzamumanga kunsonga ya chitenje changa. Mwana wanga asamaimbe foni n'kupeza yozima chifukwa choti bambo ake akusakasaka chitoliro."

"Koma pa kadonthopo ine sindimva kanthu!"

"Ndiye funani masipika oti muzimva pa kadonthopo."

A Gama ankadziwa kuti akazi awo sanena kawiri. Kuyambira tsiku limenelo khumbo lawo lidali limodzi: kumvanso chitoliro m'nyumba mwawo, chokwezera mawu chili pa kadontho, ampulifaya isadalowe m'bokosi.

Mbatata itakumbidwa n'kugulitsidwa, adamanga ngolo kupita ku Lizulu pamodzi ndi alamu awo a Edson, mlongo wa mayi Zelesi, amene nawonso adadya zaka zawo kumigodi n'kubwerako ndi makutu ogontha theka. Awiriwa akamacheza pa ngolo, anthu olima m'mbali mwa njira ankamva nkhani yonse popanda kusiya makasu.

Sitolo imene adalowa idali ya Che Saiti, munthu wofatsa wa mzuli woyera, amene bambo ake ankagulitsa nsalu pamalo omwewo iye asadasinthe malonda n'kuyamba mawailesi, masola ndi mawaya. Sitoloyo idali m'mphepete mwenimweni mwa msewu waukulu, ndipo aliyense wodziwa Lizulu akudziwa kuti msewuwo ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambiki, ngakhale kuti tomato ndi anyezi sadziwa zimenezo. Pakhomo padaima mabokosi awiri akuda, otalika kufika m'chiuno mwa munthu, okhala ndi mikombero yonyezimira ndi nambala yaikulu ya mawatsi yolembedwa pamphumi.

"Alamu, mwaziona zimphona izo?" adafuula a Edson. "Izo zikalira, ndi a ku Dedza omwe avina!"

Che Saiti adazilumikiza ku ampulifaya ya m'sitolo, yaikulu ngati sutikesi, yoyendera magetsi a pa mzere. Pansi padanjenjemera, zitini za pa alumali zidayamba kugundana, ndipo a Gama adamva nyimbo ikuwagunda pachifuwa. Nkhope yawo idawala.

"Bambo Gama, ndifunseko pang'ono," adatero Che Saiti atatsitsa mawu. "Ampulifaya ya kunyumbayo ndi yaikulu bwanji?"

"Ndi ya ku Joni!" adayankha a Edson, a Gama asadatsegule n'komwe pakamwa. "Inu Che Saiti, zinthu za ku Joni mumazidziwa? Musachulutse mafunso, mangani katundu."

"Chabwino, akuluakulu. Koma akakakana kulankhula, mubwere nawo. Musakawataye kudzala."

Atafika kumudzi adaimika zimphonazo pabalaza, mbali ino ndi mbali inayo ya kabati. Mayi Zelesi adali kudimba. A Gama adapukuta mbale, adatsitsa singano, n'kukweza mawu pang'onopang'ono kufika pa kadontho. Zimphona zija, zimene zidagwedeza sitolo yathunthu, zidalankhula ngati mkamwini watsopano pamaso pa apongozi. A Gama adagunditsa khutu pa bokosi. Adangomva gu-gu-gu wa ng'oma, chitoliro osaoneka ndi fumbi lomwe.

"Kwezani, alamu," adatero a Edson. "Achemwali ali kutali."

"Sindingathe. Pali malire."

"Hau! Mwamuna woswa miyala pansi pa dziko, kuopa kadontho ka penti!"

A Edson adatambasula dzanja n'kupotokola chokwezera mpaka kumapeto. Mawu adakwera ndithu, koma osweka ngati lipenga long'aluka. Adaimba mbale ina, n'kuimbanso ina, kufunafuna chitoliro, mpaka nyimbo idayamba kukokeka. Atacheuka adaona mayi Zelesi ataima pakhomo, khasu paphewa, kabichi m'khwapa, maso ali pa ampulifaya.

"Dzanja la ndani?" adafunsa mofatsa.



"Langa, achemwali," adavomera a Edson. "Ndimangoyesa."

"Popeza dzanjalo ndi la kwathu konkuno, mlandu uno ndaukhululuka. Koma zimphona izi zisafike Lamulungu zili m'nyumba mwanga. Ndipo a Gama, mukabweranso ndi zina zofuna kudutsa kadontho, kaya dzanja likhale la ndani, nkhani yatha."

M'mawa mwake a Gama ankamanga ng'ombe pa goli kuti akatute manyowa, koma mtima udali pa masipika. Ng'ombe zawo zidali ziwiri. Bantomu adali wamkulu, wa linunda ngati chulu, koma kuti asunthe phazi pankafunika kukuwa ndi kuliza chikoti. Kapitawo adali wocheperapo thupi, koma mwini akangotsokomola, iye wayamba kale kukoka. A Gama adaima, chingwe chili m'manja, akuyang'ana iyi, n'kuyang'ana inayo. Mwadzidzidzi adaponya chingwecho pansi n'kuthamangira kuseri kwa nyumba, kumene akazi awo ankatsuka mbale.

"Nangozo! Ndazindikira! Tidagula Bantomu!"

"Bantomu mudagula kalekale, a Gama. Kodi mutu wayamba kutsatira makutu?"

"Ayi, ndikunena masipika! Che Saiti ali ndi chikoti chachikulu, ampulifaya yonga sutikesi ndi magetsi osatha, n'chifukwa chake zimphona zija zimakoka kwawoko. Ine chikoti ndilibe, ndili ndi kadontho. Ndikufunika masipika omva msanga ngati Kapitawo, oti ukawanong'oneza iwo n'kufuula. Ndipo ng'ombe sayesera pa goli la wogulitsa! Tinyamula zathu zonse: ampulifaya, galamafoni, batire. Ndipo inunso mupite nawo."

"Ine ndikatani ku Lizulu, kabichi wanga akufuna madzi?"

"Mukalondere kadontho." A Gama adatsitsako mawu, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. "Ndiponso makutu a m'nyumba muno ndi anu."

Tsiku la msika litafika, mayi Zelesi adavala chitenje chawo chatsopano.

Ngolo idalowa mu Lizulu dzuwa litakwera, msika uli pachimake. Malole ankapakira matumba a mbatata, amayi ankathamangira mabasi ndi mabeseni a kaloti ndi tomato pamutu, njinga zamoto zinkaluka pakati pa anthu. Pamwamba pa ngolo padakhala mayi Zelesi atafungatira galamafoni pamiyendo, zimphona ziwiri zitagona chagada kumbuyo kwawo, a Edson atapanira batire ndi mapazi. Che Saiti adatuluka pakhonde n'kuwomba m'manja.

"Bambo Gama! Kodi akupitikitsani pachikamwini? Koma nanga amayi akwera bwanji ngolo yomweyo?"

"Sadandipitikitse, koma katsala pang'ono," adayankha a Gama akutsika. "Zimphona zanu zakana kulankhula."

Adafotokoza zonse: za batire, za kadontho, za Bantomu ndi Kapitawo. Che Saiti adamvetsera akusisita ndevu, kenako adagogoda nambala yaikulu ya pamphumi pa bokosi lakuda.

"Iyi ya mawatsi imanena chakudya chimene sipika ingameze osatsamwa. Siinena kukula kwa mawu ayi. Anthu amaikonda chifukwa ndi yaikulu, ndipo ine ndine wamalonda, sindikangana ndi kasitomala, makamaka akabwera ndi alamu ake." Adatembenuza bokosilo. "Imene mukufuna inu ili kumbuyo kuno, yaing'onoyi, yotsatana ndi zilembo dB. Imanena kuti sipika ikapatsidwa kachakudya kochepa, ifuula motani. Iyi ndi 86. Mutapeza ya 96, ndiye kuti ntchito imene iyi igwira itadya mitolo khumi ya udzu, inayo igwira ndi mtolo umodzi."

"Manambala ndawamva," adatero a Gama, "koma sipika ndiyesa ndi makutu anga, ngakhale ali otsalira."

Adatulutsa tebulo pakhonde la sitolo. Galamafoni adayiika pa bulangete lopindidwa kuti singano isamalumphe, batire pansi pa tebulo, ampulifaya pambali. Mayi Zelesi adakhala pa mpando pafupi nayo, adaimika chokwezera mawu pa kadontho, n'kuika dzanja pomwepo kuti wina asachikhudze. Mbale idali imodzi, nyimbo imodzi, ya masipika onse. A Gama adalengeza lamulo la mayesowo mokweza, kotero kuti theka la msika lidamva: akangomva chitoliro akweza chipewa m'mwamba n'kumayenda chafutambuyo kutalikira sitolo, ndipo pamene chitoliro chizimirire, chipewa chitsika.

Zidayamba ndi zimphona, kuti chilungamo chioneke. Chipewa sichidachoke n'komwe pamutu. Anthu amene adayamba kusonkhana adaseka.

Kenako Che Saiti adalumikiza timabokosi tiwiri tatsopano, tosalala ngati galasi. Chipewa chidakwera monyinyirika. A Gama adatsika pakhonde, adabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo atafika pa mayi wina wogulitsa tomato, chipewa chidagwa.

"Agogo, mwathera pa tomato wanga," adatero mayiyo. "Ndiye guliranitu, musapite chimanjamanja!"

Nthawi yonseyi a Edson ankasuzumirasuzumira m'sitolo, ndipo adatuluka atanyamula chimkuzamawu chachitsulo chooneka ngati duwa la dzungu, cha mtundu umene amamangirira pamwamba pa galimoto nyengo ya kampeni.

"Chimenecho si cha m'nyumba, bambo Edson," adatero Che Saiti.

"Mwayambanso kuchulutsa mawu? Lumikizani!"

Singano itangokhudza mbale, chitoliro chidatuluka ngati mkondo. Mwana wa kumsana kwa mayi wa tomato adadzidzimuka n'kuyamba kulira, ogulitsa anyezi adatseka makutu, galu amene adagona pansi pa ngolo adathawa mchira uli pakati pa miyendo. Koma a Gama adaima chilili, pakamwa pali yasa. Chitoliro! Patatha zaka zonsezo, chitoliro! Chipewa chidauluka m'mwamba, ndipo adayenda chafutambuyo kudutsa tomato, kudutsa anyezi, mpaka m'mphepete mwa tala. Adabwerera akuthamanga ngati mnyamata.

"Ichi ndicho! Alamu, mwachimva?"

"Ndachimva, alamu, ndachimva! Mangani, Che Saiti, mangani msanga!"

Mayi Zelesi adanyamula singano pa mbale. 

"Ayi," adatero.

"Koma kadontho sikadadutsidwe, Nangozo! Taonani nokha!"

"Sikadadutsidwe, n'zoona. Koma m'nyumba mwanga simudzachitikira msonkhano wa chipani. Magitala ali kuti? Ng'oma zili kuti? Inu awiri mukukondwa chifukwa mwamva chokhacho chimene mumachisowa. Ife a makutu athunthu tikumva ngati wina akunola khasu pa lata. Nyimbo imene tinkavina ija si imeneyi, a Gama."

"Amayi anena zoona!" adafuula wina m'gulu, ndipo ambiri adavomereza.

A Gama adakhala pansi pa khonde, chipewa pa bondo. Chimene iwo ankachimva, akazi awo sakadachipirira. Chimene akazi awo akadachipirira, iwo sankachimva.  Che Saiti adayang'ana mkuluyo kwa kanthawi, adayang'ana m'sitolo, n'kuusa moyo ngati munthu amene wagonja pa mkangano wa mumtima mwake.

"Bambo Edson, tabwerani mundinyamulitse."

Adatuluka ndi mabokosi awiri a matabwa ofiirira, otambalala, okalamba, nsalu ya kumaso kwake itasuluka. Poyerekeza ndi kukula kwake adali opepuka. Che Saiti adachotsa nsalu ya limodzi kuti anthu aone: pansi padali sipika yaikulu ya pepala lopyapyala, ndipo pamwamba pake kalipenga kakang'ono kolowera m'kati mwa thabwa.

"Awa sindinkafuna kugulitsa," adatero. "Adabwera ndi katundu wa kaunjika, ndipo aliyense ankawadutsa chifukwa mawatsi ake ndi ochepa. Ndidawasunga kuseri kwa kauntala. Magetsi akathima ndimamverera nkhani pa kawailesi ka mabatire, ndipo ndi awa okha amene amavomera kudya zochepa chotero. Pepala lopepuka siliumira kugwedezeka. Onani kumbuyoku."

A Edson adawerama n'kuwerenga mofuula: "96! Alamu, Kapitawo uja ndi uyu!"

Adalumikiza mawaya. Mayi Zelesi adaonetsetsa kuti chokwezera chili pa kadontho, kenako adatsitsa singano ndi dzanja lawo.

Magitala adayamba, odzaza, ofunda. Ng'oma zidalowa pansi pake. Ndipo pamwamba pa zonsezo chitoliro chidanyamuka, choyera, chosalasa khutu, chikukwera n'kutsika monga mwini wake adachiimbira. A Gama adadzuka pang'onopang'ono. Chipewa chidakwera. Adatsika pakhonde chafutambuyo, ndipo anthu adawapatukira njira.

"Adutsa tomato!" adalengeza a Edson.

"Pitani bwino, agogo!" adakuwa mayi wa tomato uja.

"Adutsa anyezi! Chipewa chikadali m'mwamba!"

A Gama adafika m'mphepete mwa tala. Lole yodzaza matumba a mbatata inkabwera ikulira, ndipo adaima kuidikira. Chipewa chidagwedera, chidatsika mpaka paphewa, ndipo gulu lonse lidati, "Aaa!" Lole itadutsa, utsi utabalalika, chipewa chidakweranso, kuposa poyamba. A Gama adayang'ana uku ndi uku, adawoloka msewu, n'kukaima tsidya linalo pakati pa milu ya kabichi.

"Alowa m'Mozambiki!" adakuwa a Edson akudumpha. "Alamu anga alowa m'Mozambiki popanda pasipoti, ndipo akumvabe!"

Msika udaphulika ndi nthungululu. Tsidya lija a Gama adakweza bondo n'kuponda pansi mwamphamvu, kupondanso, monga amapondera Angoni pa ngoma, chipewa chili m'dzanja m'malo mwa chishango, jekete likuuluka. Ogulitsa kabichi a kumeneko adayamba kuwawombera m'manja. Koma pakati pa chisangalalocho mkuluyo adaima mwadzidzidzi, pakuti adakumbukira kuti chigamulo sichidali chawo. Adaika manja kukamwa n'kufuula ndi mawu awo onse a kumgodi:

"Nangozo! Mwati bwanji?"

Mayi Zelesi adawerama kaye n'kusuzumira pansi pa tebulo. Kanyali ka pa batire, pambuyo pa mayeso onsewo, kadali kobiriwirabe, kusonyeza kuti moto ukadalimo. Adadziwa kuti ngakhale atayankha mokuwa motani, amuna awo sangamve ali kutsidyako. Choncho adadzuka pa mpando, adamangitsa chitenje m'chiuno, adatsika pakhonde, ndipo pamaso pa msika wonse wa Lizulu adayamba kuvina kwela, mapazi akuseweretsa fumbi, mapewa akugwedera ngati a mtsikana.

"Achemwali avomera!" adakuwa a Edson. "Bwererani kwanu, alamu, achemwali avomera!"

A Gama adawoloka kubwerera ku Malawi akupukuta m'maso ndi mkono wa jekete, akunamizira utsi wa lole. Adagwira dzanja la Che Saiti ndi manja awiri.

"Nanga inu nkhani muzimvera pa chiyani?"

"Musadandaule, bambo Gama. Zimphona zija ndigulitsa kwa a malo achisangalalo, amene ali ndi chikoti chokwanira. Za nkhani, ndizifunsa bambo Edson. Akamalankhula ali kwanuko, ine kuno ndimamva."

Kuyambira pamenepo masipika a matabwa aja adakhala pabalaza la a Gama, ataikidwa pa njerwa kuti chinyontho chisawafike, kumbuyo kwake atatchingako ndi waya wa sefa chifukwa cha makoswe. Ampulifaya siidalowe m'bokosi la zovala. Lamulungu lililonse masana anthu adayambanso kudutsira pakhomopo ngati akupita kwina, n'kukhala pakhonde mpaka mthunzi utatalika.

Lamulungu loyamba lenilenilo, mbale ili pakati, a Gama adadzuka pa mpando chala chili m'mwamba.

"Alamu! Tamverani bwino. Nyimbo iyi ndakhala nayo kuyambira ku Joni, ndipo masiku onse ndinkati chitoliro n'chimodzi. Ndi ziwiri! China chikuyankha pansi pa chinzake!"

"N'chimodzi, alamu," adatsutsa a Edson atapendeketsa mutu. "Mnyamatayo ngwaluso chabe. Masipika atsopano asakupengetseni."

"Ndi ziwiri, ndikukuuzani!"

"Chimodzi!"

Adabwezera singano poyambira, adasendeza mipando pafupi, n'kutchera makutu awo otsalirawo, aliyense akukodola mnzake pamene akuganiza kuti wapeza umboni. Mkangano udakula mpaka nkhuku za pakhonde zidathawa. Mayi Zelesi adalowa ndi thireyi ya tiyi ndi mbatata yootcha, adaika pa tebulo, n'kuima pang'ono akumvetsera.

"Ndi zitatu," adatero, n'kuyamba kuthira tiyi m'makapu.